Ulendo Wokazonda Matenda ku Mchinji

Lolemba, ku Kasungu

Uthenga unafika Loweruka madzulo kuti mwana wamkazi wa abusa amishonale, amene adakhala nafe kuno zaka zingapo asanasamukire ku Mchinji, wagonekedwa m'chipatala ndi malungo aakulu, ndiponso kuti mayi busa nawo akhala akudwaladwala chiyambire mvula. Banjali lidachokera ku Canada, ndipo popeza ndine amene ndidawaphunzitsa Chichewa atangofika, amayi a chigwirizano sanavutike dzulo kusankha munthu woti akawazonde. Andisenzetsa ufa woyera, nsinjiro, nyemba, nkhuku yachikuda ndi ndalama zimene anasonkha titatuluka m'tchalitchi.

Panali mayi mmodzi amene anafunsa mosabisa kuti azungu, amene ali ndi galimoto ndi ndalama zogulira mankhwala alionse, ufa wathu akautani. Funsolo silinali lankhanza, pakuti ino ndi miyezi ya njala ndipo m'nkhokwe zambiri mwatsala zitsononkho zokha. Koma ine ndinayankha kuti m'zipatala zathu wodwala sagona yekha. Pamafunika womudwazika, womuphikira phala, womuchapira zofunda ndi womuyang'anira usiku namwino akatanganidwa ndi odwala ena, ndipo ntchito imeneyi kwathu kuno amagwira ndi azakhali, agogo ndi alamu. Banja limene lidasiya abale ake onse kutsidya kwa nyanja lilibe ndi mmodzi yemwe wa anthu amenewa, ngakhale thumba lake litadzaza bwanji.

Usiku uno tulo takana kubwera. Mwanayo ndimamudziwa kuyambira akukwawa, ndipo ndikuopa kuti ndingakafike mochedwa.

Lachiwiri, pa Chinkhoma ndi pa Kamwendo

Ndinalawirira kudepoti kusanache bwinobwino, ndipo minibasi yopita ku Lilongwe inanditula pa Chinkhoma nditalipira K3,000. Apa ndi pamene msewu wa ku Mchinji umapatukira, kulowera kumadzulo kudzera pa Santhe ndi pa Kapiri mpaka kukakumana ndi msewu wochokera ku Lilongwe pa Kamwendo. Nyengo ya okushoni malo ano amadzaza ndi malole onyamula mabelo, koma mu Febuluwale muno fodya akadali m'minda ndi m'zigafa, anthu alibe ndalama zoyendera, choncho sienta imene ndinakwera inatenga nthawi yaitali kuti idzaze. Woitanira ankangoti tatsala pang'ono kunyamuka, dzuwa n'kumakwera, kenaka mitambo n'kusonkhana.

Mvula itayamba, mayi wina wootcha chimanga anandiitana kuti ndibisale m'kachisakasa kake. Ataona kuti nkhuku yafooka ndi dzuwa lija, anaimasula miyendo pang'ono n'kuipatsa madzi m'chivindikiro cha poto, ndipo atamva kumene ndikupita anandipatsa chimanga chootcha n'kukana ndalama yanga. Anati mwana wake woyamba adamwalira ndi malungo omwewo ali kumsana, panjira yopita kuchipatala. Anandilangiza kuti ndisakataye nthawi pa Kamwendo, ndikangotsika ndikakwere kabaza.

Dalaivala anatilipiritsa K12,000 aliyense, ine n'kuwonjezera K1,500 ya katundu. Tinapanikizana anthu anayi pampando wa anthu atatu, ndipo mnyamata amene ndinayandikana naye anandilanda thumba la ufa n'kuliika pamiyendo pake mpaka pa Kapiri pamene anatsikira. Msewu ndi wa phula, koma m'malo ena mvula yaukumba maenje oti galimoto imachita kuwazemba.

Tikuyenda choncho ndinali kuganiza za Dr George Prentice wa mishoni ya Livingstonia, amene adatsegula mishoni ya Kasungu pa Chilanga, kufupi ndi kwathu. Iye adali mbusa komanso dokotala, monganso Dr Robert Laws, ndipo adalimbana kwambiri ndi boma la atsamunda pa nkhani ya kashembe, ntchentche yofalitsa kaodzera, imene iye ankati ikuchuluka chifukwa cha malamulo oteteza nyama zakutchire. Timakonda kunena kuti amishonale adabwera ndi madokotala kuti athandize ife, ndipo n'zoona, koma dokotala yemweyo ndiye ankachizanso amishonale anzake, akazi awo ndi ana awo. Banja limene ndikukaliona lilibe dokotala wakewake. Limadalira zipatala zomwe anthu onse a ku Mchinji amadalira, monga za mishoni za Kapiri, Guilleme ndi Ludzi, zimene zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ndi chipatala chachikulu cha paboma.

Pa Kamwendo ndinatsatira malangizo a mayi uja. Wakabaza anatchula K4,000 ndipo sindinanenerere. Njinga yamoto sindinaizolowere, ndipo titalowa m'msewu wadothi, poterera paliponse, ndinagwidwa ndi mantha moti ndinayamba kupemphera mokweza. Mnyamatayo anati, "Agogo, gwiritsitsani chitsulocho, sindikugwetsani," ndipo pa kamtsinje kena anatsika n'kukankha njingayo ine ndili pomwepo.

Lachitatu, kuchipatala

Ndinafika dzulo dzuwa litapendeka. Mwana ndinamupeza m'wodi ya ana, ali chikomokere kuyambira Lamulungu, diripi ili pamkono. Mayi busa anali atakhala pansi pa chitenje pambali pa bedi, monga amakhalira magadiyani onse, ndipo atandiona anangoti, "Amayi, mwabwera," n'kuyamba kulira. Awonda kwambiri moti tikanakumana pamsika sindikanawazindikira msanga. Abusa anali panja akulankhula pafoni, ndipo mwana wawo wamng'ono, wamwamuna, anamusiya kumudzi kwa anansi.

Matenda anayamba Lachinayi lapitalo ndi kutentha thupi kumene makolo anakuyesa chimfine. Anadikira masiku awiri akumupatsa panado, ndipo Loweruka mwana anayamba kusanza, kenaka linjirinjiri. Sindinawadzudzule, pakuti akudziweruza okha mokwanira, koma ndikulemba pano kuti aliyense wowerenga amve kuti mwana akatentha thupi, makamaka nyengo ya mvula, ayenera kukayezetsa magazi a pachala tsiku lomwelo. Ife akuluakulu amene tadwala malungo kuyambira ubwana, matupi athu adaphunzirako kulimbana nawo. Ana aang'ono ndi alendo ochokera kumaiko kumene kulibe malungo alibe chitetezo chimenechi, ndipo mwa iwo matendawa sachedwa kufika kubongo. Alendo obwera kwa masabata ochepa amamwa mankhwala oteteza, koma mabanja amene akhala zaka zambiri nthawi zina amatopa nawo n'kumangodalira neti, ndipo ndi mmene banja ili lidachitira.

Pano akumubaya jakisoni wa artesunate, ndipo Lolemba anamuwonjezera magazi chifukwa ake anali atachepa kwambiri. Anyamata angapo a mumpingo wa kumudzi kumene abusa amatumikira anapalasa njinga usiku atamva kuti magazi akufunika, ndipo a mmodzi mwa iwo ndiwo anagwirizana ndi a mwanayo.

Namwino wausiku, mtsikana wofatsa amene akunditchula kuti agogo, anandilola kuona mmene amayezera kukomoka kwa mwana. Amaona ngati maso akutsatira nkhope ya mayi wake, ngati akulira moyenera, ndiponso ngati akuyesa kuchotsa dzanja limene likumupweteka, kenaka amalemba nambala yoyambira pa 0 kulekeza pa 5. Wathuyu anali pa 2. Muyeso umenewu akugwiritsa ntchito m'maiko ambiri, koma udakonzedwa kuno kwathu, ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ndinawauza abusa kuti Molyneux nayenso adali mwana wa amishonale, wobadwira ku Congo, ndipo anandipempha kuti ndiwabwerezere nkhaniyo mayi busa akadzuka.

Mayi busa ndinawakakamiza kuti akagone m'galimoto, ine n'kukhala pa mwana mpaka mbandakucha. M'mawa uno ndinapita kumalo ophikirako magadiyani, kumene mtolo wa nkhuni ukugulitsidwa K1,500, ndipo ndinapeza kuti amayi a kumeneko anali atayamba kale ntchito imene ndinadzera. Chiyambire Lamulungu akhala akutapa phala ndi nsima m'miphika yawo n'kumapatsa mayi wachizunguyo, amene sankadziwa pophikira ndiponso sankafuna kuchoka pa mwana. Anandibwereka mafuwa, nkhuku ija tinapha limodzi, ndipo msuzi wake unakwanira mabanja angapo. Miyendo yanga yatupa ndi kukhala, msana ukuwawa, koma mtima wakhazikikako kusiyana ndi mmene unalili ndili kunyumba.

Lachinayi, kuchipatala komweko

Tambala woyamba atalira, mwana anatsegula maso, n'kuyang'ana amayi ake, n'kupempha madzi m'Chichewa. Tinagwada pansi pomwepo. Dokotala wanena kuti akayamba kumeza bwino amupatsa LA kwa masiku atatu, ndipo makolo ayenera kumuyang'anitsitsa miyezi ikubwerayi, chifukwa ana ena amene adzuka ku malungo a kubongo amatsala ndi vuto la kumva, la kulankhula kapena la kukomokakomoka.

Chimwemwe chathu sitinathe kuchionetsa mokweza, chifukwa usiku womwewo, pabedi loyandikana nalo, mwana wa zaka ziwiri amene anafika mochedwa kuchokera kumudzi wakutali anatisiya. Abusa anatenga galimoto yawo n'kukatula maliro kumudziko, ndipo atabwerako masana anandipempha kuti tikhale pansi pa mtengo wa mango tikambirane.

Anandiuza kuti bungwe limene lidawatuma lili ndi inshuwalansi imene ikanatha kutumiza ndege kudzanyamula mwana kupita naye ku Johannesburg kapena ku Nairobi, koma madokotala atakambirana anaona kuti mankhwala amene akulandira pano ndi oyenera, ndiponso kuti ulendo wokafika kubwalo la ndege ku Lumbadzi ukanaika moyo wake pachiswe. Agogo ake a mwanayo akuimba foni usiku uliwonse akulira, kunena kuti zidzukulu zibwerere kwawo. Kenaka abusa anandifunsa kuti, "Amayi, ndikatenga ana anga kupita nawo kwathu, ndidzawayang'ana bwanji anthu amene ndawatulira maliro lero, poti iwo alibe kothawira? Kodi sadzati Mulungu amene ndimawalalikira ine mwini sindimukhulupirira?"

Ndinawayankha ndi zimene ndinkaphunzitsa ana asukulu m'phunziro la mbiri. A mishoni ya Livingstonia adafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, ndipo pofika 1881 adali atakumba manda asanu, kuphatikizapo a Dr William Black ndi a Shadrach Mngunana, mlaliki wochokera ku Lovedale ku South Africa, amene onse awiri adamwalira mu 1877. Dr Laws sadaumirire malowo pofuna kuonetsa chikhulupiriro. Adasamutsira mishoni ku Bandawe, ndipo kumenekonso malungo atawasautsa adakwera kuphiri la Khondowe mu 1894. A mishoni ya Dutch Reformed adamanga pamtunda pa Mvera mu 1889, kenaka mu 1896 adatsegula Nkhoma. Anthu amenewa ankathawa malo otentha ndi madambo asanadziwe n'komwe kuti wofalitsa malungo ndi udzudzu, pakuti dokotala wina, Ronald Ross, adatsimikizira zimenezi mu 1897. Palibe amene lero amawatcha amantha chifukwa chosamuka.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri m'mbiri imeneyi ndi nkhani ya akazi ndi ana, amene maina awo sitidawaike pa sukulu kapena pa misewu. David Livingstone ndi mkazi wake Mary adaika m'manda khanda lawo, Elizabeth, ku Kolobeng, m'dziko limene lero ndi Botswana, mu 1850. Mu 1852 Mary adatumizidwa ku Britain pamodzi ndi ana, kumene adakhala zaka zaumphawi ndi kusungulumwa, ndipo pambuyo pake, atatsatira mwamuna wake ku Zambezi kumayambiriro kwa 1862, malungo adamupha ku Shupanga pa 27 Epulo chaka chomwecho. Mayi Margaret Laws, mkazi wa Dr Laws, adataya ana angapo pobereka, ndipo amene adakula ndi mmodzi yekha, Amelia, wobadwa mu 1886. Bambo ndi mayi amatha kumva maitanidwe n'kuvomera ndi maso ali chiyang'anire, koma mwana safunsidwa, chonsecho ndi iye amene thupi lake ndi lofooka kuposa onse. Ndinawauza abusa kuti moyo wa mwana wawo si chopereka chimene mpingo wa kuno wawapempha.

Ndinawakumbutsanso za Epafrodito m'mutu 2 wa kalata ya Paulo kwa Afilipi, amene mpingo udamutuma kukatumikira kutali, nadwala mpaka kutsala pang'ono kufa. Paulo adamubweza kwawo, nalamula kuti amulandire ndi chimwemwe ndiponso ndi ulemu. Kunena za anthu a kumudzi kuja, ndinati iwo sangakondwe kuona manda a mwana wa abusa awo. Chimene adzakumbukire n'chakuti galimoto idanyamula maliro awo, ndipo chimene adzayembekezere n'chakuti abusa akadzabweranso adzawathandize kupeza njira yoti ana awo azifika kuchipatala msanga. Sanandiyankhe, koma madzulo ano adya nsima, koyamba chifikire changa.

Lachisanu, kumudzi

Lero ndinaperekeza mayi busa kunyumba kwawo kuti akasambe, akachape ndi kuona mwana wamng'ono. Msewu unali woipa moti mtunda waufupi unatidyera theka la m'mawa, ndipo padambo lina galimoto itatitimira, anyamata amene ankathyola fodya anatikankha osapempha kanthu. Ndinamvetsa chifukwa chake mwana wa dzulo uja anafika mochedwa.

Wamng'onoyo tinamupeza ali kumsana kwa mtsikana wa kwa anansi, atakhuta phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Mayi wapakhomopo, amene wakhala akumugoneka m'neti imodzi ndi ana ake, anandionetsa buku la kusikelo la khanda lake, mmene mwalembedwa katemera wa malungo. Mchinji ndi limodzi mwa maboma 11 amene katemerayu adayambira m'chaka cha 2019, pamene dziko la Malawi lidakhala loyamba kumupereka kwa ana kusikelo. Amaperekedwa kanayi kuyambira mwana ali ndi miyezi isanu, ndipo salowa m'malo mwa neti.

Tikuchapa kuseri kwa nyumba, mayi busa anandiuza zimene sanauzepo munthu, ndipo andilola kuti ndizilembe popeza akuti mabanja ena amishonale akuvutikanso chimodzimodzi. Malungo awagwira kangapo chiyambire mvula, magazi ndi ochepa, m'mimba simukhazikika, ndipo pali masiku amene amalephera kudzuka ngakhale thupi silikutentha, chifukwa cha nkhawa ndi kusungulumwa. M'makalata amene amatumiza mwezi ndi mwezi ku mipingo yowathandiza amalemba za obatizidwa ndi za tchalitchi chimene chikumangidwa, koma za matenda amangotchula pang'ono, poopa kuti angawaitane kubwerera kapena kuti thandizo lingachepe. Kwa amayi apamudzi nakonso sadandaula, chifukwa amachita manyazi kulira pamaso pa anthu amene amawaona kuti mavuto awo ndi aakulu zedi. Motero akhala akudwala mobisa, osauza akwawo, osauzanso akuno. M'mipingo yathu timati mlendo ndi mame, n'kumamulemekeza ndi mpando wakutsogolo, koma kawirikawiri tikamufunsa mmene wadzukira sitiyembekezera kumva zoona. Munthu amene wakhala pakati pathu zaka zonsezi, n'kulelera ana ake pomwe pano, ayenera kufunsidwa mmene timafunsira mchemwali wathu, mpaka atanena chimene chikumuwawa.

Loweruka, pa Kamwendo

Mwana wayamba kukhala tsonga ndipo wadya nthochi. Abusa ndi mayi busa agwirizana kuti akatulutsidwa n'kupezako mphamvu, banja lonse lipita ku Canada kwa miyezi ingapo kuti mayi ndi mwana akapimidwe bwino, ndipo akulu ampingo agawana kale maulaliki. Amayi a kumudzi kuja akonza zomasinthana kuchipatala awiriawiri mpaka tsiku lotuluka, choncho ine ndanyamuka ndi mtima wopepuka. Wakabaza wa Lachiwiri uja ndiye wandibweretsa, ndipo wandichotsera K500 ponena kuti wamva zoti mwana wadzuka.

Ndikulemba izi ndikudikira sienta ya ku Chinkhoma, mmene mwakwera anthu atatu okha, ndipo ndagula mbale ya bowa ya K2,000 yoti ndikaphike kunyumba. Nkhani imene ndikatule kwa akulu ampingo mawa si ya banja la ku Canada lokha. Amishonale sadakhalepo azungu okha, pakuti William Koyi, amene adabwera kuchokera ku Lovedale limodzi ndi Mngunana, adamwalira mu 1886 ku Njuyu pakati pa Angoni, kutali ndi kwawo. Lero mpingo wathu umasonkhera mlaliki wina amene tidamutuma pamodzi ndi mkazi wake ndi ana ku Mozambique, m'chigawo cha Tete, ndipo m'misonkhano mafunso amakhala a chiwerengero cha otembenuka mtima ndi a njinga yake. Iye alibe inshuwalansi, palibe ndege imene ingamudzere, ndipo Chipwitikizi chimene amalembera m'zipatala za kumeneko mkazi wake sachidziwa. Ndikapempha kuti tidziwe chipatala chimene chili pafupi ndi kumene amakhala ndi kutalika kwa mtunda wake, kuti pa chopereka cha mishoni tizipatulapo ndalama ya matenda imene isamagwiritsidwe ntchito pa zina, ndi kuti tiwatumizire maneti atsopano mvula ino isanathe. Ndikapemphanso kuti tisankhiretu amayi awiri okhala ndi ziphaso zoyendera, amene anganyamuke tsiku lomwelo uthenga wa matenda ukafika, ndipo mmodzi mwa awiriwo ndikadzipereka ndine, popeza chiphaso changa sichinathe ntchito.